Mukavulala pa Ntchito: Kabuku ka Mabanja a ku Kasina ndi Midzi Yozungulira

Kuno kumapiri a Dedza ambirife timadya za kumunda, komabe makomo ambiri ali ndi wina amene amalandira malipiro kwa munthu. Wina amacheka matabwa cha ku Chongoni, wina amathandiza amisiri omanga pa Linthipe, wina amakweza matumba a kachewere ndi soya m'malole pa Chimbiya, wina ali pachigayo, wina ndi mlonda ku Lilongwe, ndipo wina anatulukira pachipata cha Dedza n'kupita ku Joni. Ntchito zonsezi zimavulaza. Lamba wa chigayo amakoka mkono, sowo imadula zala, munthu amaterereka padenga, mankhwala opopera mbewu amalowa m'thupi.

Zimene zimachitika ngozi ikagwa tonse tikuzidziwa. Abwana amapereka ya thiransipoti, amabwera kudzazonda kamodzi atanyamula shuga ndi sopo, sabata yotsatira alemba munthu wina. Banja limathokoza, kenaka limagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti lilipire kuchipatala. Kuzonda wodwala ndi umunthu ndithu, ndipo tiziyamika. Koma chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ntchito si mphatso yochokera mumtima wa abwana. Ndi ngongole imene lamulo la dziko lino linawaikira. Mabanja ambiri amaitaya ngongoleyi m'sabata yoyamba yomweyo, chifukwa panalibe amene analemba kanthu.

Lamulo likuti chiyani

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Limayendetsedwa ndi Unduna wa Zantchito kudzera mwa mkulu wotchedwa Workers' Compensation Commissioner, amene ofesi yake ili ku Lilongwe. Kwa ife khomo lolowera ndi ku ofesi ya zantchito, imene timaitcha ku leba, pa boma ku Dedza. Ngati mwavulalira m'boma lina, monga ku Kasungu kapena ku Mchinji, pitani ku leba ya kumene kuli ntchitoko.

Mfundo yake ndi iyi: munthu akavulala ali pa ntchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo, womulemba ayenera kulipira. Simufunika kusonyeza kuti abwana analakwa. Ngakhale kuti dzanja linaphonya chifukwa cha kutopa, ngakhale kuti makina anali abwinobwino, ngongole ilipo. Chimodzimodzi ngati mwachita ngozi muli m'galimoto imene abwana amanyamulira antchito awo, kapena atakutumani kwina pa za ntchito.

Pali zina zimene lamulo silimalipira: kudzivulaza dala, kuvulala chifukwa cha khalidwe loipitsitsa lochita mwadala monga kugwira makina munthu ataledzera, ndi kabala kakang'ono kopola m'masiku ochepa. Koma woweruza ngati munachita dala si abwana ayi. Abwana akanena kuti "unali wosasamala, palibe chako", amenewo ndi maganizo awo chabe. Nkhaniyo ikafike ku leba.

Lamuloli silili lokha. Ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba ntchito kusamala malo ogwirira ntchito, kupereka zovala zodzitetezera kumene zikufunika, ndi kukhala ndi bokosi la chithandizo choyamba. Mu 2019 Malawi anavomerezanso mapangano a bungwe la ILO okhudza chitetezo pa ntchito, kuphatikizapo la ntchito za ulimi.

Nanga waganyu?

Funso limeneli ndilo lovuta kwathu kuno, ndipo tisanamizane. Lamulo limateteza munthu amene analembedwa ntchito, kaya pangano lake linalembedwa papepala, kaya munangogwirizana pakamwa. Choncho mlonda, wantchito wapakhomo, woyendetsa chigayo, wothandiza mmisiri, wophunzira ntchito pagalaja, onsewa ali m'kati. Amene ali kunja ndi wodzilemba yekha ntchito, wachibale wa abwana amene amakhala m'nyumba ya abwana momwemo, msilikali, ndi munthu wa ganyu wongodutsa. Mukapalira munda wa mnansi tsiku limodzi n'kudzitema ndi khasu, lamuloli silikufikirani.

Koma dzina lakuti "waganyu" limabisa zambiri. Alipo anthu amene akhala pamalo amodzi miyezi isanu ndi umodzi kapena zaka, amalowa m'mawa nthawi yoikika, amalamulidwa ndi kapitawo, amagwiritsa ntchito zida za abwana, koma pa tsiku la ngozi amauzidwa kuti anali aganyu. Munthu wotere asadziweruze yekha. Apite ku leba akafotokoze mmene ankagwirira ntchito: anayamba liti, ankalandira bwanji, ankamulamula ndani. A leba amayang'ana mmene ntchito inkayendera, osati dzina limene abwana asankha.

Ku fodya nakonso zinasintha. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, kotero wopita ku esiteti ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Musanakwere lole yopita ku Kasungu, funsani dzina lenileni la mwini esiteti ndipo mulisiye kunyumba.

Ola loyamba: thupi kaye

Mapepala abwera pambuyo. Choyamba n'chakuti munthu asafe ndiponso asalumale pamene akanatha kuchira.

Magazi akamatuluka kwambiri, psinjani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osasiya. Nsalu ikanyowa, onjezani ina pamwamba pake osachotsa yoyambayo. Musathire dothi, phulusa, ndowe, mafuta a injini kapena masamba otafuna, chifukwa zimenezi zimalowetsa tizilombo, ndipo kafumbata amabwera kudzera m'dothi ndi ndowe zomwezo. Bala lililonse lakuya kapena la msomali likufuna kuti achipatala aone ngati munthuyo akufunika jakisoni wa kafumbata. Chala chikaduka, chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'pulasitiki, ndipo mupite nacho.

Munthu amene wagwa kuchokera pamwamba, kapena wagweredwa ndi mtengo kapena khoma, n'kumadandaula khosi, msana, kapena kuti miyendo yachita dzanzi, musamukhazike tsonga, musamukweze panjinga yamoto. Apa m'pamene anthu ofuna kuthandiza amalumalitsa mnzawo. Mugonekeni pachitseko kapena pathabwa lalikulu, anthu angapo akumunyamula nthawi imodzi, wina atagwira mutu kuti usapendeke, ndipo funani galimoto. Amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kumaseka, apite kuchipatala akayamba kusanza, kusinza kwambiri, kusokonezeka, kapena mutu ukamakulirakulira kuwawa.

Fupa likathyoka, limangeni ndi kathabwa kuti lisagwedezeke, osalikoka. Likatulukira kunja kwa khungu, phimbani ndi nsalu yoyera ndipo thamangani tsiku lomwelo, chifukwa fupa lotere limafuna kutsukidwa ndi kupatsidwa mankhwala msanga lisanaole. Tikudziwa kuti ena amayamba apita kwa omanga mafupa a kumudzi. Vuto lake ndi lapawiri: fupa likalumikizana mokhota kuwongola kwake n'kovuta, ndipo kumeneko simutengako kalata imene a leba angaiwerenge.

Pamene papsa, thiranipo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira. Simenti, laimu kapena mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 musananyamuke. Kachitsulo kakabaya diso, musakazule. Wodwala ndi mankhwala opopera, amene akutuluka thukuta ndi malovu ambiri, kusanza, kunjenjemera kapena kubanika, mvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo, musamumwetse mkaka, musamusanzitse, ndipo tengani botolo la mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene akulimbana nacho.

Chipatala cha Kasina chingapereke chithandizo choyamba ndi kalata yotumizira wodwala kwina. Zazikulu zimapita ku Nkhoma, kumene kulinso madokotala a maso odziwika m'dziko muno, kapena kuchipatala cha boma ku Dedza, kumene kuli achipatala oona za mafupa. Zovuta kwambiri za msana, mutu ndi mafupa zimatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko kulinso malo opangira miyendo ndi manja oikirira.

Mzere umodzi wa m'buku la kuchipatala

Ngati pali chinthu chimodzi choti muchigwire m'kabuku kano, ndi ichi. Wachipatala akafunsa kuti chachitika n'chiyani, nenani zoona zonse: "Ndavulala pa ntchito, pamalo akuti, nthawi yakuti, ndi makina akuti." Pemphani mwaulemu kuti alembe choncho m'buku lanu, pamodzi ndi tsiku. Ngati wovulalayo sakutha kulankhula, womudikirira anene. Musanatuluke, wina wodziwa kuwerenga aone kuti mawu akuti ngoziyo yachitikira pa ntchito alembedwadi.

Zimachitika kuti kapitawo kapena abwana amene akupititsani kuchipatala amakunong'onezani m'galimoto kuti, "Mukanene kuti mwagwa panjinga, zinazo tikonza tokha." Munthu ali pa ululu, akuopa kutha kwa ntchito, ndipo amene akulankhulayo ndiye walipira mafuta a galimoto. Amavomera. Pakatha miyezi inayi, malonjezo aja atazilala, buku la kuchipatala limakhala mboni ya abwana. A leba amawerenga kuti munagwa panjinga, ndipo kusintha mzere umenewo n'kovuta kwambiri. Abale operekeza wodwala, ntchito yanu yaikulu ndi imeneyi: kumuteteza pa nthawi imene iye sangathe kudzilankhulira.

Bukulo ndi lanu. Musalipereke kwa abwana kuti akalisunge. Akafuna kuona, apatseni fotokope. Jambulani masamba ake ndi foni, ndipo zithunzizo zitumizeni kwa mbale wina kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Sungani X-ray, makalata otumizira, ndi malisiti onse. Zipatala za boma sizilipiritsa, koma za mishoni za pansi pa CHAM, monga Kasina ndi Nkhoma, zimalipiritsa pa zithandizo zambiri, ndipo lamulo limati wolemba ntchito ndiye alipire zoyenera za chithandizo: kuonedwa ndi dokotala, opaleshoni, kugonekedwa, mankhwala, ndodo kapena mwendo woikirira, ndi mayendedwe opita kuchipatala. Popanda lisiti n'kovuta kubwezeredwa. A kabaza ndi a minibasi sapereka malisiti, choncho gulani kope limodzi la ana a sukulu muzilembamo tsiku, ulendo ndi ndalama yake.

M'kope lomwelo lembani mayina ndi manambala a foni a anthu amene anaona ngoziyo. Lembani sabata yomweyo, chifukwa anzanu a pa ntchito amasamuka, ena amachita mantha. Ngati n'kotheka wina ajambule makinawo kapena malowo asanakonzedwe. Sonkhanitsaninso chilichonse chosonyeza malipiro anu: mapepala a malipiro, envulopu yolembedwa dzina, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Mauthengawa musafufute.

Kudziwitsa abwana ndi a leba

Uzani kapitawo kapena abwana nthawi yomweyo, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Msana umene wauma lero ungadzakulepheretseni kuyenda mwezi wamawa. Kenaka lembani kalata yaifupi, m'Chichewa momwemu, yonena dzina lanu, ntchito yanu, tsiku, nthawi ndi malo a ngozi, mmene inachitikira, chiwalo chimene chavulala, ndi chipatala chimene mwapita. Lembani makalata awiri ofanana. Ina apatseni, inayo asainepo kuti alandira ndipo mubwere nayo. Akakana kusaina, pitani ndi mboni, kapena tumizani mawu omwewo pa WhatsApp kapena pa uthenga wa foni kuti tsiku lioneke.

Wolemba ntchito ayenera kukanena za ngoziyo ku leba pasanathe masiku 21. Ambiri sanena, makamaka a mabizinesi ang'onoang'ono amene alibe inshuwalansi. Musadikire. Inu kapena mbale wanu pitani nokha ku leba mukafunse ngati lipoti linafika. Ngati silinafike, lembetsani dandaulo lanu, ndipo lembani m'kope muja dzina la amene wakuthandizani, tsiku, ndi nambala ya fayilo. Pempho la chipukuta misozi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi, kapena tsiku la imfa ngati munthu wamwalira. Chaka chimaoneka chachitali, koma pakati pa kugona m'chipatala, dzinja, ndi abwana onena kuti "mubwere mwezi wamawa", chimatha osachiona.

Popita ku leba tengani chitupa cha unzika, buku la kuchipatala, malisiti, kalata ija ndi umboni wa malipiro. Thandizo la a leba si logula. Chenjerani ndi madobadoba oima panja pa maofesi ndi zipatala olonjeza kufulumizitsa fayilo.

Ndalama zake zimawerengedwa bwanji

A leba amapereka fomu yoti dokotala alembe. Chithandizo chikatha ndipo bala likakhazikika, dokotala amayeza kuti thupi lataya mphamvu yochuluka bwanji, n'kulemba maperesenti. Lamulo lili ndi mndandanda wa ziwalo ndi maperesenti ake. Kutaya manja onse awiri, miyendo yonse iwiri, kapena kuona kwa maso onse awiri ndi 100 peresenti, ndipo wolumala chotere amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54. Wolumala pang'ono amalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi maperesenti ake.

Tiyerekeze kuti wocheka matabwa amalandira K150,000 pamwezi. Kuchulukitsa ka 54 ndi K8,100,000. Dokotala akalemba 20 peresenti, chipukuta misozi chake ndi K1,620,000, kupatula za kuchipatala zija. Onani kuti manambala awiri ndiwo agwira zonse: malipiro ndi maperesenti. N'chifukwa chake abwana ena amalemba malipiro ochepa pafomu. Werengani fomu musanasaine, ndipo ngati munkalandiranso chakudya, nyumba kapena ndalama zina zokhazikika, zitchuleni kuti a leba aone zoyenera kuwerengera.

Pa tsiku lopimidwa musadzilimbitse mtima. Ife anthu akumudzi tinazolowera kuyankha kuti "ndiliko bwino" ngakhale tikumva kuwawa. Uzani dokotala zenizeni: dzanja silikufumbata mpini wa khasu, simungasenze ndowa, mwendo umatupa mukayenda mtunda wochokera kunyumba kukafika kutchalitchi, khutu silikumva. Musalolenso kupimidwa mothamanga bala lisanapole, chifukwa kulumala kwina kumaoneka bandeji itachoka. Ngati simukugwirizana ndi maperesenti kapena ndalama imene yawerengedwa, nenani msanga polemba kalata kwa Commissioner kudzera ku leba, musanalandire.

Kunena zoona, ndalamayi ndi yochepa. Miyezi 54 ndi zaka zinayi ndi theka basi, pamene mnyamata wa zaka 25 amene wataya manja ali ndi moyo wonse kutsogolo. Imabwera kamodzi, si ya mwezi ndi mwezi. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi loti olemba ntchito onse azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri chikhazikitsireni lamuloli wolipira wakhala ali wolemba ntchito mwini wake kapena kampani yake ya inshuwalansi. Abwana akakhala opanda ndalama kapena ozemba, fayilo imagona. Ndipo kuchedwa kumadya ndalamayo, popeza imawerengedwa pa malipiro a nthawi ya ngozi. Amene ankadikira chipukuta misozi pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 analandira nambala yomweyo, koma yogula matumba ochepa a feteleza. Choncho musatope kukaonekera ku leba. Ngati fayilo yakhalitsa mu ofesi ya boma popanda chifukwa chomveka, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere.

Envulopu ya pakhomo

Tsiku lina abwana kapena nthumwi yawo adzafika pakhomo ndi envulopu ndi pepala loti musaine kuti nkhani yatha. M'nyumba mulibe ufa, ana abwezedwa kusukulu, ndipo akuluakulu adzakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Palibe amene angadzudzule banja lanjala polandira ndalama. Landirani, koma lembani papepalapo kuti ndi gawo chabe la zimene mukuyembekezera, ndi tsiku, ndi mboni. Musasaine pepala la Chingerezi limene simunalimve, kapena pepala lopanda mawu. Nenani kuti, "Bwana, tathokoza, koma zosainazi tikasainire ku leba." Munthu wachilungamo sangakane zimenezo.

Ngati munasaina kale, musataye mtima. Lamulo silivomereza pangano lolanda wantchito ufulu wake wa chipukuta misozi. Tengani pepalalo mukawaonetse a leba.

Pali njira inanso. Ngati ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa abwana, monga makina opanda chotchingira, makwerero owola, kapena kupopera mankhwala popanda zodzitetezera, mungathe kukasuma kukhoti, kumene amawerengeranso ululu ndi ndalama zimene mukanapeza m'tsogolo. Njirayi imafuna loya ndi umboni wakuti abwana analakwadi, imatenga nthawi, ndipo mlandu wa kuvulala uyenera kuyambika pasanathe zaka zitatu. Simungalipidwe kawiri pa bala limodzi, choncho funsani uphungu musanasankhe. Osauka angapemphe loya ku Legal Aid Bureau. Mukapita kwa loya wolipira, gwirizanani polemba za gawo lake musanayambe. Njira ya khotiyi ndi yotsegukanso kwa waganyu uja amene lamulo la chipukuta misozi silimufikira. Ngati ngoziyo ndi ya pamsewu, tengani lipoti la apolisi ndi nambala ya galimoto, chifukwa galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza.

Malipiro ndi ntchito pamene mukuchira

Pa nthawi imene dokotala wakulemberani kuti simungagwire ntchito, lamulo la chipukuta misozi limati muzilandira ndalama yokuthandizani mpaka mutachira kapena mutapimidwa. Pambali pa apo, Employment Act ya 2000 imapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza tchuthi chodwala cha masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pachaka, akaonetsa kalata ya kuchipatala. Lamulo lomwelo limati kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Mukachotsedwa, kokanena ndi ku leba komweko, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court ku Lilongwe. Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti wina wakuuzani kuti ndiyo njira yolandirira ndalama msanga. Kusiya kapena kuchotsedwa ntchito sikufafaniza ngongole ya ngozi imene inachitika kale.

Munthu akamwalira

Wantchito akafa chifukwa cha ngozi ya pa ntchito, amene ankadalira iye amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 42. Pa malipiro a K150,000 aja ndi K6,300,000. Bokosi, galimoto ya maliro ndi matumba a chimanga amene kampani yabweretsa pasiwa sizilowa m'malo mwa ndalama imeneyi.

Ndalamayi ndi ya odalira malemuwo: mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi ena amene ankadyadi za m'manja mwake, monga makolo okalamba. Si ya aliyense amene wayamba kufika ku ofesi atanyamula chitupa cha malemu. Apa eni mbumba ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali ndi udindo. Khalani pansi zovuta zikatha, lembani mayina a ana onse, kuphatikizapo a kwa mayi wina ngati alipo, a mfumu asainepo, ndipo namfedwa apite yekha ku leba ndi womuperekeza. Pakufunika kalata ya kuchipatala yonena chimene chinapha munthuyo, chiphaso cha imfa cha ku National Registration Bureau, umboni wa ukwati wa kutchalitchi, kumzikiti kapena wa ankhoswe, ndi lipoti la apolisi ngati anafikapo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha anthu omwalira la 2011.

Ngati malemuwo ankadulidwa ya penshoni, funsaninso ziwiri: ndalama za penshonizo, ndi inshuwalansi ya moyo imene lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kugulira antchito awo. Zimenezi n'zapadera, sizichotsedwa pa chipukuta misozi, koma amasiye ambiri sauzidwa.

Matenda obwera mwakachetechete, ndi a ku Joni

Si kuvulala konse kumene kumatulutsa magazi. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ena amawononga thupi patapita zaka. Lamulo lili ndi mndandanda wa matenda a pa ntchito amene amalipiridwa ngati ngozi. Mukamatsokomola kapena kubanika, uzani achipatala ntchito zonse zimene munagwirapo, ngakhale zakale. Othyola fodya wonyowa ndi mame amene amamva chizungulire, nseru ndi mutu adziwe kuti ndi chikonga cholowera pakhungu. Asambe, asinthe zovala, ndipo ana asalowe m'munda wotere.

Amene ali ku South Africa ali pansi pa lamulo la kumeneko lotchedwa COIDA la 1993, limene lili ndi thumba lolipira ovulala pa ntchito ndipo silinapangidwire nzika zokha. Kuyambira mu Novembala 2020, khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo litagamula, antchito a m'nyumba nawonso ali m'kati. Cholakwika chachikulu ndi kukwera basi yobwerera kumudzi opanda pepala lililonse. Musananyamuke tengani malipoti a kuchipatala, dzina lenileni ndi adiresi ya abwana, nambala ya pempho lanu, ndipo akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni ya kumeneko zisatsekedwe.

M'midzi yathu mukadali agogo amene anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Teba. Ulendowu unaima mu 1974 ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown ku Botswana, unayambiranso patapita zaka zochepa, n'kutha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ambiri anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi ndi TB. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi pakati pa anthu a m'migodi ndi makampani asanu ndi limodzi a golide, ndiwo African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Ndalamazi zimaperekedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust kwa amene anagwira ntchito ya fumbi pa migodi ya makampaniwa pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019 ndipo anapezeka ndi matendawa, kapena kwa amasiye awo. Si aliyense wa ku Teba amene angalandire, ndipo bungweli sililipiritsa polembetsa, kotero wobwera m'mudzi kudzatolera ndalama kuti akulembeni dzina mumukane. Funsani ku leba ku Dedza za njira yolembetsera. Pakadali pano fufuzani m'masutukesi akale aja khadi la kumgodi limene ankalitcha makhulusikopo, nambala ya ntchito, pasipoti yakale, ndi mapepala a kuchipatala onena za chifuwa. Ngati agogowo akadali moyo, akhazikeni pansi atchule dzina la mgodi ndi zaka zimene anagwirako, mdzukulu alembe m'kope.